Kuyendetsa galimoto pa msewu wa ayezi ku Britain: malangizo kwa amene mwangofika kumene

Amene tinaphunzirira galimoto kumudzi timakudziwa kuterera kwa katondo mvula ikagwa. Tinakankhapo mapikiapu m'matope, tinadulapo nthambi n'kuyala pansi pa matayala, ndipo ena tinagonapo panjira podikira kuti kuume. Ndiye munthu ukafika kuno n'kumva eni dziko akuopa ayezi, mumtima umangoti, "Aa, anthu awa sanaone mavuto." Inenso ndinkatero. Koma matope amaoneka ndi maso, ndiponso amaigwira galimoto n'kuichepetsa liwiro. Ayezi wa pa tala nthawi zambiri saoneka, ndipo galimoto akaitenga saigwira.

Ine ayeziyu anandiphunzitsa m'chaka changa choyamba, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku West Yorkshire. Unali m'bandakucha, ndachedwa kwa agogo oyamba, ndikutsika kamsewu kotsetsereka ka pakati pa nyumba. Liwiro silinali lambiri. Nditafika pamphambano ndinaponda buleki monga mwa masiku onse, koma galimoto inangopitirira phee, ngati bwato, mpaka kukaima pakati pa msewu waukulu. Mwayi wake kunalibe basi kapena lole. Ndinakhala kanthawi miyendo ikunjenjemera. Chinandilakwitsa tsiku limenelo chinali changu, ndipo zambiri zimene ndalemba pansipa zikukhudza nthawi kuposa luso la manja.

1. Yambani dzulo lake

Musanagone onani zanyengo pa apu ya Met Office. Machenjezo awo ali ndi mitundu itatu: lachikasu, lamtundu wa lalanje, ndi lofiira. Lachikasu la ayezi limatuluka kawirikawiri pakati pa Novembala ndi Malichi moti anthu amalizolowera, koma ndi lomwe limakukhudzani inu wodzuka 5 koloko. Lofiira likatuluka ndiye kuti moyo uli pachiswe, galimoto isiyeni pakhomo. Kumapeto kwa Febuluwale 2018, pa mphepo ija anaitcha Beast from the East, chenjezo lofiira linatuluka m'chigawo chapakati cha Scotland, ndipo galimoto pafupifupi 1,000 zinagona usiku wonse pa msewu wa M80, anthu ali momwemo.

Phunziraninso kuwerenga thambo nokha. Usiku wa mitambo sudetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mitambo imafunditsa dziko ngati bulangete. Woopsa ndi usiku wa nyenyezi, kumwamba kuli mbee, mphepo yosawomba, makamaka ngati masana kunagwa mvula. Usiku wotere nthaka imataya kutentha msanga, ndipo tala amazizira kuposa mpweya. N'chifukwa chake galimoto zambiri zimaliza kabelu n'kuonetsa kachizindikiro ka chisanu zikafika pa madigiri 3 kapena 4, osadikira ziro. Kachipangizo kamayeza mpweya, pomwe pansi pangakhale pataundana kale.

Mukaona choncho, tcherani alamu kuti ilire mphindi 20 kapena 30 msanga kuposa masiku onse. Phimbani galasi lakutsogolo ndi chophimbira chake, chimagulitsidwa motchipa m'masupamaketi, ndipo zimitsani mawaipa musanazimitse injini. Mafuta asatsike kupyola theka la thanki. Sankhaninso njira ya mawa panopa, chifukwa mapu a pafoni amakonda kukudutsitsani m'tinjira tachidule, ndipo tinjira timeneto ndi tomwe sitithiridwa mchere.

2. Matayala, ndi katundu wa m'buti

Lamulo la kuno limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yozama mamilimita 1.6. Ikachepera apo mutha kulipitsidwa mpaka £2,500 ndi kupatsidwa mapointi 3 a chilango pa laisensi, pa tayala lililonse. Amene mwangokhoza kumene mayeso a kuno kumbukirani kuti mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyamba amachititsa kuti akulandeni laisensi. Koma 1.6 ndi malire a lamulo chabe. Nyengo yozizira mabungwe ngati AA amalangiza mamilimita 3. Tengani kobidi ya 20p, ilowetseni mu mzere wa tayala. Ngati mkombero wakunja wa kobidiyo ukuonekabe, tayalalo latha.

Matayala a nyengo yozizira si okakamiza ku Britain, koma labala wake sauma kukazizira, ndipo amagwira bwino kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7. Amakhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu. Ambirife ndalama yosungira matayala a mitundu iwiri tilibe, ngakhale malo owasunga. Maganizo anga ndi akuti, akale akatha, gulani a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro chomwecho, makamaka ngati mumakhala kumapiri kapena kumidzi. Ndipo chonde musaphwetse matayala. Nzeru ija yochepetsa mpweya imathandiza mumchenga wa kunyanja, pa ayezi imangoonjezera vuto.

M'botolo la madzi otsukira galasi musathire madzi wamba, amaundana. Thirani mankhwala ake osasungunula kwambiri. Mchere wa pamsewu umadetsa galasi mphindi zochepa zokha, ndipo dzuwa la Disembala, lomwe limayenda mmunsi ngati likulowa tsiku lonse, likawomba pa galasi lotero simuona kanthu.

M'galimoto muzikhala chopalira ayezi, mankhwala opopera osungunula ayezi, tochi, bulangete, jekete yokhuthala, magolovesi, kafosholo, zingwe zojampira batire, chaja ya foni, ndi kachakudya. Fulasiki ya tiyi si manyado.

3. M'mawa, musanasunthe

Lizani injini, yatsani hita yolozetsa pa galasi lakutsogolo, yatsani ya galasi lakumbuyo, ndipo yatsaninso AC. Ambiri amadabwa kuti AC ya chiyani kukuzizira chonchi, koma ntchito yake apa ndi kuumitsa mpweya kuti nthunzi ya mkati ichoke. Kenako tulukani mukapale.

Ketulo ya madzi owira isayandikire galasi. Galasi lozizira likakumana ndi madzi otentha limatha kung'aluka, makamaka ngati linali ndi kachilema kale, ndipo madzi otsikira pansiwo amaundana pomwe muponde mawa. Mawaipa ayambeni mwawamasula ndi dzanja. Mukawayatsa atamatirira mumang'amba labala kapena kuwotcha fyuzi.

Palani magalasi onse, a m'mbali ndi oonera kumbuyo omwe, nyali, ndi nambala ya galimoto. Chotsaninso sinowo wa padenga, chifukwa mukaponda buleki amatsetserekera pa galasi n'kukutsekani maso. Kuboola kabowo kongosuzumira ngati wakuba n'kuphwanya lamulo: ndime 229 ya Highway Code imati muyenera kuona bwino musananyamuke, ndipo apolisi amalipitsa.

Pali chiyeso china chomwe chimagwira aliyense: kusiya injini ikulira n'kubwerera m'nyumba kukamaliza tiyi. Pamsewu wa aliyense zimenezi n'zoletsedwa, akuba amayendera zomwezo m'mawa wa chisanu, ndipo a inshulansi ambiri salipira galimoto yobedwa makiyi ali momwemo. Khalani pomwepo. Sasani nsapato musanalowe, sole yonyowa imaterereka pa buleki, ndipo jekete lalikulu livuleni kuti lamba akugwireni bwino.

4. Kunyamuka

Galimoto ya manyuwo inyamutseni mu giya 2, mukutulutsa kilachi pang'onopang'ono, moto wochepa. Giya 1 ili ndi mphamvu zambiri, imangozungulitsa matayala pamalo amodzi n'kupukuta ayezi kuti aterere koposa. Mukasuntha kwezani magiya msanga, injini izingong'ung'udza chapansipansi. Ya otomatiki ingochotsani phazi pa buleki iyambe yokha kukwawa, ndipo ngati ili ndi batani la sinowo litsinani. Cruise control, ija imasunga liwiro yokha, izimitseni. Ya magetsi ichepetseni mphamvu ija yodzigwira yokha mukachotsa phazi pa moto, chifukwa imeneyonso ndi buleki.

Mukafika pamalo oongoka, opanda galimoto kumbuyo, pondani buleki pang'ono muli pa liwiro lotsika kuti mumve mmene msewu ulili lero. Wailesi itsitseni. Matayala pa tala wonyowa amachita phokoso la "shwaa", koma pa ayezi amangoti zii. Chiwongolero chikapepuka mwadzidzidzi m'manja, ngati palibe chimene chikuchigwira, dziwani kuti muli pa ayezi.

5. Mpata

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa msewu wouma, galimoto yothamanga mamailosi 30 pa ola imafuna mamita 23 kuti iime. Pa ayezi Highway Code imati mtunda woimira ungachuluke kakhumi. Ganizirani mabwalo awiri a mpira, kapena kupitirira apo, pa liwiro lomwe timaliona ngati loyenda m'tauni. Mpata wa masekondi 2 umene munaphunzira pa mayeso umasanduka masekondi 20. Onani chikwangwani chimene galimoto yakutsogolo yadutsa, muyambe kuwerenga, ndipo mudzadabwa kutalika kwake.

Ena adzalowa mu mpata wanuwo, asiyeni, bwererani m'mbuyo mupange wina. Wina adzakumamatirani kumbuyo ndi galimoto lake lalikulu akuthwanimitsa nyali. Musathamange chifukwa cha iye. Onjezani mpata wa kutsogolo kuti musadzafunike kuima mwadzidzidzi, ndipo mukapeza poima pabwino mulekeni adutse. A ma 4x4 amanamizidwa ndi galimoto zawo: mawilo anayi okoka amathandiza ponyamuka, koma poima onse tili ndi matayala anayi basi.

Chilichonse chitani chimodzichimodzi ndiponso mofatsa. Chepetsani liwiro msewu udakali woongoka, kona isanafike. Muli pa kona musaponde buleki, musasinthe giya, musaonjezere moto, ingowongolani. Maloboti, maraundabauti ndi mphambano ziyambeni kuzikonzekera mukadali kutali, chifukwa pamenepo ndi pomwe galimoto za anzanu zapukuta ayezi mpaka kunyezimira.

6. Dziwani kumene amabisala

Amene eni dziko amamutcha black ice si wakuda ayi. Ndi kachigamba kopyapyala ka madzi oundana, koyera ngati galasi, moti chimene mumaona ndi tala wakuda wa pansi pake. Msewu umangooneka ngati wonyowa. Ngati ukuoneka wonyowa koma matayala a galimoto yakutsogolo sakuwaza madzi, chenjerani.

Milatho ndi misewu yodutsa pamwamba pa inzake imayamba kuundana, chifukwa mphepo imaizizira pamwamba ndi pansi pomwe. Pansi pa mitengo ndi m'mbali mwa makoma, kumene dzuwa silifika, ayezi amaswera tsiku lonse pamene kwina konse kwauma. M'zigwa ndi pafupi ndi mitsinje mpweya wozizira umatsikira n'kukhazikika. Kumidzi, madzi ochokera m'minda amadutsa pamsewu usiku n'kuundana pamalo amodzi okha, mwina pa kona penipeni. Ngati mumadutsa njira imodzimodzi tsiku lililonse, lowezani malo amene madzi amadikha kukagwa mvula, ndi omwewo.

Za mchere musazidalire mopitirira. Malole othira mchere amayenda m'misewu ikuluikulu: ku England mamotowe ndi misewu ina ya A amaisamalira a National Highways, yotsalayo ndi ya makhonsolo, ndipo makhonsolo amayamba ndi njira za mabasi, za kuchipatala ndi zina zofunika. Tinjira ta m'makomo, komwe kumakhala okalamba athu, nthawi zambiri sitithiridwa. Khonsolo iliyonse imaika mapu a misewu yothiridwa pa intaneti, apezeni. Mcherewo ndi wofiirira, wokumbidwa pansi, wambiri umachokera ku mgodi wa ku Winsford ku Cheshire. Umafuna galimoto ziuponde kuti usungunuke n'kuyamba kugwira ntchito, mvula imaukokolola, ndipo kukazizira kupitirira madigiri 5 pansi pa ziro mphamvu yake imachepa. Ndiye inu woyamba kudutsa m'mawa musaganize kuti poti lole inadutsa usiku zonse zili bwino. Mabokosi achikasu a m'mbali mwa msewu muli mchere womwewo, ndi wothira pamsewu ndi munjira za oyenda pansi, mutha kutapa ndi fosholo pamene mwakanirira.

Misewu ya pamwamba pa mapiri ili ndi nyengo yakeyake. Snake Pass, wa A57 pakati pa Manchester ndi Sheffield, amatsekedwa kawirikawiri, chimodzimodzi Woodhead Pass wa A628. Ngakhale M62 imakwera mpaka mamita 372 pakati pa Manchester ndi Leeds, ndipo mutha kunyamuka mumvula kumunsi n'kukapeza sinowo pamwamba.

7. Zitunda ndi mitsetse

Pokwera, dikirani kumunsi mpaka amene ali kutsogolo afike pamwamba, chifukwa akakanirira pakati inunso mwaima, ndipo kunyamukanso pa chitunda cha ayezi n'kovuta. Sankhani giya musanayambe, kwerani ndi liwiro limodzi osasintha.

Potsika ndi poopsa koposa. Chepetsani liwiro musanayambe kutsika, lowetsani giya yotsika kuti injini izigwira galimoto, buleki muzingoikhudza. Osatsika mu nyutulo kapena mutaponda kilachi, chizolowezi chija cha madalaivala ena opulumutsa mafuta. Ngati mtsetse ukunyezimira ndipo pansi pake pali mphambano, imikani galimoto pamwamba mutsike wapansi. Ine masiku ano ndimatero, ndipo sindichita nazo manyazi.

8. Ikayamba kuterereka

Thupi lidzakuuzani kuti mupondereze buleki ndi kukhotetsa mwamphamvu. Zonse ziwiri n'zolakwika. Chotsani phazi pa chimene chayambitsa: ngati munali pa moto, chotsani pang'onopang'ono, ngati munali pa buleki, imasuleni. Maso ayang'ane kumene mukufuna kupita. Mukayang'ana mtengo, manja amakutengerani ku mtengo.

Ngati mwakhotetsa koma galimoto ikungopita kutsogolo, ndiye kuti aterereka ndi matayala akutsogolo. Musaonjezere kukhotetsa. Chotsani moto, bwezaniko chiwongolero pang'ono, dikirani matayala agwire. Ngati ndi kumbuyo kumene kukuthawa, khotetsani kulowera komwe kumbuyoko kukupita: kukathawira kumanja, chiwongolero kumanja. Chitani mofewa, ndipo galimoto ikangoyamba kuongoka bwezani msanga, apo ayi idzakutembenuzirani mbali inayo.

Nanga mukuterereka molunjika, kutsogolo kuli chinthu, ndipo palibe kuchitira mwina koma kuima? Galimoto pafupifupi zonse zogulitsidwa zatsopano kuno kuyambira 2004 zili ndi ABS, makina oletsa matayala kumangika mukaponda buleki. Pondani buleki mwamphamvu osachotsa phazi, osapopa. Idzanjenjemera ndi kulira "gurrr" pansi pa phazi, musachite mantha, ikugwira ntchito. ABS imathandiza kuti muzithabe kuwongolera, koma pa ayezi siifupikitsa mtunda woimira monga ambiri amaganizira. Handibuleki musaikhudze. Ndi bwino kukamva kunjenjemera kumeneku koyamba pa malo oimikapo galimoto opanda anthu, muli pa liwiro la munthu woyenda pansi, kusiyana n'kukakumva koyamba pamphambano.

9. Mukagunda kapena mukakanirira

Yatsani mahazadi. Musatuluke mothamanga, pansi pamene paterereka galimoto mutereranso inu, ndipo wobwera kumbuyo akhoza kuterereka pomwepo. Chokani mumsewu mukaime kuseri kwa chitsulo chotchinga, moyang'ana kumene galimoto zikuchokera. Wina akavulala kapena msewu ukatsekeka imbani 999. Ngakhale mwagunda galimoto yongoima kapena mpanda wa munthu, lamulo likuti muime n'kupereka dzina, adilesi ndi nambala ya galimoto. Mwiniwake akasowa, kaneneni kupolisi msanga, pasanathe maola 24. Jambulani zithunzi za msewu ayezi asanasungunuke. Amene mumayenda kuchoka kwa wodwala uyu kupita kwa uyo, onetsetsani lero lomwe kuti inshulansi yanu ili ndi business use, chifukwa yongopitira ndi kubwerera kuntchito siikwanira, ndipo zimenezi ambiri amazidziwa ngozi itachitika kale.

Mukakanirira mu sinowo, ongolani matayala, kumbani kutsogolo kwake, yalani mphasa za m'galimoto kapena thirani mchere, muyese mu giya 2. Zikakanika ndipo kuli kutali ndi nyumba, khalani m'galimoto. Injini muziiliza kwa mphindi zochepa kuti mufunde, koma yambani mwaona kuti paipi ya utsi sinatsekeke ndi sinowo. Utsi wobwerera mkati sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso.

10. Foni ya ku ofesi

Ambiri mwa ife tinabwera pa viza yomangirira kwa olemba ntchito, ndiye timaopa kuoneka aulesi. Rota, ndandanda ya ntchito ija, imakupatsani mphindi zochepa kuchoka nyumba ina kufika ina, ngati kuti msewu wa Januwale ndi wofanana ndi wa Julayi. Musayese kubweza nthawi yotayikayo pamsewu. Imani pabwino, zimitsani injini, imbani ku ofesi, nenani kuti msewu waundana ndipo muchedwa, kenako tumizaninso uthenga wolemba kuti pakhale umboni. Iwo ndi amene ayenera kusankha oyenera kufikiridwa msanga, monga omwa mankhwala pa nthawi yake ndi okhala okha, n'kudziwitsa enawo. Agogo ambiri amene ndawachedwerapo amayamba ndi kufunsa ngati ndayenda bwino, ayeziyu anakula naye.

Mukafika, imikani pamalo athyathyathya ngati alipo, musiye mu giya, matayala mutawakhotetsera kumphepete. Potuluka gwirani chitseko, tsitsani mapazi onse awiri pamodzi. Kuchoka pa galimoto kukafika pakhomo yendani ngati bakha: timasitepe tating'ono, mapazi otakasuka, thupi lowerama pang'ono kutsogolo, chikwama kumsana, manja kunja kwa matumba. Masitepe a pakhomo la agogo palibe amene wathirapo mchere, ndiye gwirani chitsulo cha m'mbali musanakweze phazi.